Mfuti ya Akwayamasitala

A Bizwick Mtambalika ndinawadziwira ku South Bend, chaka cha 2001, m'chipinda chapansi cha tchalitchi china chomwe Amalawife tinkabwereka Lamulungu masana eni ake akaweruka. Ndinali nditangofika kumene, ndikunjenjemera m'jekete yopyapyala yomwe ndinagula pa kaunjika ku Limbe. Tili mkati moimba nyimbo yotsegulira, bambo wina wamfupi, wadazi longoyamba kumene, anatembenuka n'kundiyang'ana. Mapemphero atatha anandipeza pa tebulo la tiyi n'kundiuza kuti ndine wa besi, ndisamadzivute ndi tena, ndipo Loweruka ndibwere ku pulakatisi. Dzina langa anandifunsa pambuyo pake.

Kwawo kunali ku Mulanje, kufupi ndi Chonde, ndipo kuimba anakuyambira m'kwaya ya tchalitchi cha kumudzi ali ku pulayimale. Ku America anabwera kudzaphunzira zokonza makina a m'chipatala. Monga ambirife masiku amenewo, m'mawa ankakhala m'kalasi, masana n'kukasambitsa ndi kudyetsa anthu ku nyumba yosungirako okalamba. Mkazi wawo, a Joan, ankaphunzira unamwino, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Akuzike, amene ankamva Chichewa chonse koma n'kumayankha m'Chingerezi.

Chimene a Bizwick anali nacho choposa ena chinali khutu. Mawu awo sanali okoma kwenikweni. Inali tena wamba, yoonda pang'ono. Koma kiyi ya nyimbo ankaitenga m'mutu, osayandikira piyano. Ankatseka maso, n'kung'ung'uza kamodzi, ndipo wina akakayesa pa piyanopo ankapeza kuti ndi yomweyo. Azimayi a alito akamaimba onse pamodzi, iwo ankadutsa kutsogolo kwawo atapendeketsa mutu, n'kuima patsogolo pa munthu mmodzi, n'kuloza chala m'mwamba kuti akweze pang'ono. Sankakalipa. Tinkawatchula kuti akwayamasitala ngakhale tikakumana nawo mu shopu, ndipo kukagwa maliro kapena ukwati wa Mmalawi ku Indiana kapena kutsidya ku Michigan, foni yoyamba inkalira kwa iwo.

Mu 2004 a Joan anamaliza sukulu n'kupeza ntchito pa chipatala china chachikulu m'katikati mwa mzinda wa Indianapolis. Ntchito yomweyo inabweretsera banja lonse mapepala okhalira m'dziko muno. Anasamukira ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo, m'kanyumba kolumikizana ndi galaja, ndipo ine ndi mkazi wanga tinawatsatira chaka chotsatira. Kwaya tinaiyambanso kumeneko. A Bizwick analembedwa pa kampani yaing'ono yobwereketsa ndi kukonza mabedi a odwala, njinga za olumala ndi makina a mpweya.

Mu wekishopu imeneyo munali amuna ochepa, onse obadwira ku Indiana konko kupatula iwo. Pa nthawi ya nkhomaliro nkhani zinali za mpikisano wa magalimoto, kusaka agwape ndi mfuti. A Bizwick ankadya mpunga wawo kumapeto kwa benchi, akumwetulira anzawo akaseka. Palibe amene ankawada. Kungoti panalibe chowafunsa, iwonso analibe choponyapo. Zimenezi zinkawadya mumtima kuposa mmene tinkaganizira, chifukwa kwa ife anali munthu amene akalowa m'chipinda aliyense ankakhala chete kudikira dzanja lawo.

Mmodzi mwa anzawo a kuntchitowo anali Dixon, mzungu wachikulire wa ku Beech Grove, wamimba, wosalankhulalankhula, amene anawaphunzitsa kuwotcherera mafelemu a mabedi. Nyengo yachisanu itatha mu 2007, Dixon anawaitana kumunda kwa mchimwene wake, kummwera kwa mzinda. Anandandalika zitini pa chipika, n'kuwagwiritsa kamfuti kam'manja ka zipolopolo zing'onozing'ono zomwe amazitcha twente-thu. Kamfuti kameneko sikagwedeza dzanja, ndipo kulira kwake kuli ngati kuthyoka kwa nthambi youma. A Bizwick, amene chibadwire anali asanagwirepo mfuti ina iliyonse, anagwetsa zitini zambiri kuposa mwini mundawo. Azunguwo anawagunda paphewa moyamikira, anayamba kuwatchula kuti Biz, ndipo anadya nawo nkhomaliro kukhitchini.

Lamulungu lake a Bizwick anandikokera pambali kuti andifotokozere, nkhope ikuwala. Anati zaka zonsezi ku America, aka kanali koyamba kudya m'nyumba ya mzungu popanda abusa pakati.

Kumunda kuja Dixon anawaikanso zipolopolo ziwiri m'dzanja n'kuzitembenuza kuti aone kunsi kwake. Chaching'onocho kunsi kunali kosalala, ndipo anati mfuti imachimenya m'mphepete. Chinacho chinali chonenepa, chokhala ndi kabatani kozungulira pakati penipeni, pomwe kamsomali ka mfuti kamamenya kuti onga uyake. Anati twente-thu ndi yophunzitsira ana ndi kuphera agologolo. Munthu wofuna kuteteza nyumba yake amagula yomenya pakati. Sanawauze kuti agule. Anangonena monga mmene anthu a kumeneko amanenera.

Chifukwa chogulira chinabwera chokha. Masana ena a Joan ali mu shopu, wina anaswa galasi la galimoto yawo n'kuba wailesi ndi chikwama cha yunifolomu. A Bizwick nkhaniyo anailandira ndi manja awiri. Anayamba kunena za akuba, za mkazi woyenda yekha pochokera kuntchito, za mwana wamkazi m'nyumba. A Joan ankagwira mu wodi ya anthu ochokera ku opaleshoni, momwe ankagonekamo anyamata owomberedwa, ndipo anawamvetsera amuna awowo mpaka anamaliza.

"Bambo a Aku," anatero, "inu mwaona zitini. Ine ndimatsuka pomwe chipolopolo chatulukira."

Anakangana kangapo, motsitsa mawu kuti mwana asamve. A Bizwick analonjeza kuti mfutiyo izikhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, mu galaja, ndipo sidzalowa m'nyumba. A Joan sanavomere. Anangosiya kuyankha, ndipo amuna awo kukhala chete kumeneko anakutenga ngati chilolezo.

Anakagula ndi Dixon pa shopu ina chakum'mawa kwa mzinda. Anandiuza kuti pamene wogulitsa anatenga girini khadi yawo, chiphaso chokhalira m'dziko muno, n'kuimba foni kuboma kufunsa ngati ali ndi mlandu, thukuta linatsika kumsana ngati abadi chinthu. Yankho litabwera loti alibe vuto, wogulitsayo anawagwira chanza. Inali pisitolo yakuda ya nayini milimita, yopepuka modabwitsa, chogwirira chake cha pulasitiki. Wogulitsa anawachenjeza kuti mfuti yatsopano imakhala yothina chifukwa zitsulo zake zimakhala zisanazolowerane, ndipo mwina izijama poyamba. Anati asaidalire asanaifewetse ndi zipolopolo mazana angapo. Anatuluka mu shopumo ndi mfuti, makatoni a zipolopolo, kabotolo ka mafuta, ndi zophimba makutu zooneka ngati mahedifoni.

Kokaifewetsera kunali ku renji, nyumba yaitali yopanda mawindo momwe anthu amaima m'timakola tolekanitsidwa ndi matabwa n'kumawombera mapepala opachikidwa kutsogolo. Chipolopolo choyamba chinawadzidzimutsa. Ngakhale makutu anali ophimbidwa, phokoso linawalowa kudzera m'mano ndi pachifuwa, ndipo mfuti inadumpha m'manja ngati chinthu chamoyo. Chigoba chotentha cha chipolopolo chinagwera m'kolala n'kuwawotcha pakhosi. Pepala linali lathunthu, lopanda bowo. Atawombera kangapo mfuti inajama, chigoba chitakanirira potulukira. Dixon anaikonza, n'kuwauza kuti alimbitse mkono ndipo aleke kutsinzina pokhethemula. Anawaphunzitsanso, mobwerezabwereza, za magazini, kabokosi ka zipolopolo kolowa m'chogwirira: kuti kukasolola sikutulutsa chipolopolo chimene chalowa kale mumpope. Munthu ayenera kukoka chitsulo chapamwamba n'kusuzumiramo ndi diso lake.

Patapita nthawi yaitali, zonse zitachitika, a Bizwick anandiuza kuti tsiku loyamba limenelo atatuluka anakhala m'galimoto akudziwa bwinobwino kuti chinthucho sanachikonde. Zitini zija anazikonda, ndi munda, ndi khitchini. Izi zinali zina. Koma Lolemba m'mawa anzawo onse anawazungulira kufunsa mmene mfuti yakhalira, ndipo iwo anayankha kuti ndi yabwino kwambiri.

Chilimwe chonse cha chaka chimenecho Loweruka lawo linagawika pawiri: m'mawa ku renji, masana ku kwaya. Tinkakonzekera ukwati wa Tusekele, mtsikana wa ku Karonga amene a Bizwick anamulera mu sopulano kuyambira ali wophunzira ku South Bend, ndipo ukwatiwo unali wa mu Okutobala kumeneko. Akwayamasitala amene kale ankatitsegulira chitseko anayamba kufika mochedwa, zala zili zakuda, malaya akununkha mafuta ndi onga. Mayi Lucia, amene ankatsogolera alito ndipo anali aakulu kwa tonsefe, anawafunsa tsiku lina ngati ayamba umakaniko wapadera. Iwo anangoseka. Amene tinkadziwa tinali ochepa, chifukwa kwa Amalawi munthu wosunga mfuti m'nyumba amakhala msilikali, wapolisi kapena wakuba, ndipo iwo sankafuna kufunsidwa kuti ali mbali iti.

Dixon anawaperekeza maulendo oyamba okha. Kenako adzukulu ndi ntchito za pakhomo zinamugwira, a Bizwick n'kumapita okha. Mfuti inayamba kufewadi. Kujama kunachepa, mabowo pa pepala anayamba kuyandikana, ndipo pepala likatuluka bwino ankapita nalo kuntchito. Mbali yokha imene ankaikonda moona inali yopukuta: kuimasula zidutswazidutswa, kuona pomwe zitsulo zayamba kuwala chifukwa chokhulana, kudontheza mafuta, n'kuimanganso. Imeneyo inali ntchito ya manja awo ya tsiku ndi tsiku, ndipo inalibe phokoso. Ine anandiitanako ku renjiko kangapo, ndinakana. Anandiuza kuti akangomaliza makatoni amene anagula aitsekera m'bokosi basi, chifukwa ikhala itakonzeka. Ndinafunsa kuti itakonzekera chiyani. Anati ndisamalankhule ngati a Joan.

Linali Loweruka la mu Seputembala, katoni yomaliza. Ku renji kunadzaza anthu okonzekera nyengo yosaka, ndipo anadikira nthawi yaitali kuti apeze malo. Ali mkati mowombera anayang'ana wotchi n'kuona kuti nthawi ya kwaya yayandikira. Anasolola magazini, anaponya mfuti m'chikwama, n'kuthamangira ku galimoto. Chitsulo chapamwamba chija sanachikoke.

Atafika kunyumba anaganiza zoipukuta msangamsanga asanaitsekere, poti wogulitsa anawauza kuti siyenera kugona ndi mwaye. Anatseka chitseko cha galaja kuti oyandikana nawo asaone chimene ali nacho m'manja. Zophimba makutu zinali m'chikwama. Pisitolo yamtundu umenewo simasuka munthu asanakhethemule kaye, ndipo timabatani tomasulira tinali tikadali tolimba. Anaikweza kufupi ndi nkhope, pansi pa babu, atapendeketsa mutu kuti aone bwino, mpope utaloza kukhoma. Ndiye anakhethemula.

Kuseri kwa khomalo kunali kachipinda kochapira, ndipo a Joan anali momwemo akupinda zovala. Makoma a m'kati mwa nyumba za kuno ndi timatabwa ndi bolodi yofewa basi. Chipolopolo chinaboola khoma, chinadutsa pafupi ndi bondo lawo, n'kukalowa m'makina oumitsira zovala. Fumbi loyera la khoma linawagwera pa siketi.

Ife tinali ku tchalitchi, titakhala m'mizere yathu, tikudikira. Mayi Lucia anali atayamba kale kudandaula za kuchedwako pamene foni yanga inalira. Anali a Joan, mawu ali odekha ngati ali pa ntchito. Anati ndipite kwa mnzake wa Akuzike kumene mwanayo ankasewera, ndimutenge ndikamusiye kwa mkazi wanga, kenako ndibwere kwawo. Anati palibe amene wafa.

Nditafika, pamsewu panali magalimoto a apolisi, oitanidwa ndi mayi woyandikana nawo nyumba amene anamva kulira kwa mfuti. A Bizwick anali atakhala pa kapinga, manja atamangidwa kumbuyo ndi unyolo, timagazi titatsika kuchokera m'khutu lakumanzere mpaka pa kolala. Anthu a mumsewuwo anali ataima m'makonde mwawo. Nditawalankhula anandiyang'ana pakamwa, n'kundifunsa mokweza kwambiri ngati a Joan ali bwino, ngakhale anali atawaona kale akuyenda okha.

A Joan anali kukhitchini ndi wapolisi wamkazi, amene anandilola kuima pakhomo. Wapolisiyo anafunsa ngati anakangana tsikulo, ngati mwamuna wawo anayamba wawamenyapo kapena kuwaopseza, ngati ankadziwa kuti iwo ali m'chipinda chimenecho. A Joan anayankha limodzilimodzi: ayi, ayi, sankadziwa. Pomaliza wapolisi anatsitsa mawu n'kufunsa ngati akumuopa mwamunayo, ndiponso ngati akufuna kokagona kwina. A Joan anayang'ana fumbi lomwe linali likadali pa siketi. Kenako anati sakumuopa, mwamuna wawo ndi woimbitsa kwaya.

Apolisi anawamasula a Bizwick, anatenga mfuti, n'kunena kuti nkhaniyo ipita kwa oimira boma pa milandu kuti aone ngati pali mlandu wosasamala ndi chida. Masabata otsatira anali a mantha, chifukwa mlandu wa mfuti ukhoza kulanditsa mapepala munthu wosakhala nzika. Loya anawathandiza, ndipo pamapeto pake sanazengedwe mlandu. Atauzidwa kuti akhoza kukatenga mfuti yawo, sanapiteko.

Pakati pa ife nkhani inathamanga kuposa apolisi, ndipo pothamangapo inasintha. Pofika ku South Bend inali yoti akwayamasitala afuna kupha mkazi wawo. Inawoloka nyanja mpaka mayi ake a Joan anaimba foni kuchokera ku Zomba akulira, kufunsa ngati atumize ankhoswe. Akuluakulu a mpingo anapita kunyumbako, anaonetsedwa bowo la pakhoma ndi makina obookawo, anapemphera, n'kubwerako akhutira. Koma a Joan anatopa nako kubwereza mawu amodzimodzi kwa aliyense wowagwira dzanja mwachifundo.

Limene silinawakhululukire ndi khutu. Dokotala anati nembanemba yomwe yang'ambika ipola yokha, koma timitsempha ta mkati tomwe taonongeka ndi phokoso sitimeranso. M'khutumo munatsala kulira kosalekeza ngati kwa nyenje. Choipa koposa chinali china chomwe poyamba sanauze munthu: mawu amodzi ankawamva pawiri. Khutu lakumanja linkamva kiyi yoona, lakumanzere n'kumva yomweyo itakwera pang'ono ndi kupotoka, ndipo ziwirizo zinkakangana m'mutu. Munthu wina akanazolowera n'kupitiriza moyo wake. Iwo akamva piyano ankachita nseru.

Mayi Lucia anawapempha kuti apume mpaka ukwati udutse. Anakana. Anati Tusekele ndi mwana wawo, ndipo nyimbo zonse akuzidziwa pamtima. Pa mapulakatisi otsalawo ankatsogolera ndi manja okha, kiyi akutenga kwa woimba kibodi, ndipo ife tinkanamizira kusaona kuti sakuimanso patsogolo pa munthu aliyense kuti amukonze.

Tinanyamuka ulendo wa ku South Bend m'magalimoto otsatana, mitengo ya m'mbali mwa msewu itafiira. Tchalitchi chinadzaza. Kunabwera anthu ochokera ku Chicago, ku Michigan ndi ku Ohio, ambiri mwa iwo oti a Bizwick anawaimbitsapo. Nyimbo zoyamba zinayenda bwino chifukwa zinali za kibodi. Koma yolowera mkwatibwi inali yopanda zoimbira, yomwe Tusekele anaisankha yekha, ndipo nthawi zonse kiyi yake inkachokera pakamwa pa akwayamasitala. Woimba kibodi anatambasula chala kuti awathandize. A Bizwick anamukaniza ndi dzanja. Anatseka maso, anang'ung'uza, n'kutipatsa kiyi.

Inali yokwera kwambiri. Tonse tinamva, koma dzanja linali litatsika kale ndipo tinalowa. Pofika pakati pa ndime yoyamba sopulano inafika pamene mawu a munthu safika. Ena anatsika okha, ena anangokhala chete, alito inasochera, ndipo ife a besi tinatsala tikuguguda pansi patokha. Tusekele anali pakati pa kanjira atagwira mkono wa amalume ake, ndipo anaima. A Bizwick ankagwedezabe manja, akutiyang'ana mmodzimmodzi modabwa, chifukwa sankatha kudziwa ngati chasokonekera ndi kwaya kapena khutu. Ndi Mayi Lucia amene anayambanso nyimboyo chapansi, okha, mokweza mawu, ndipo tonse tinawatsatira. Mkwatibwi anayambanso kuyenda. Akwayamasitala anatsitsa manja n'kuima chapambali mpaka nyimbo inatha.

Ku madyerero sanalowe. Ndinawapeza panja poimika magalimoto, atatsamira galimoto yawo, akadali mu suti. Ndinayamba kunena kuti anthu ambiri sanazindikire, koma anandidula.

"Achimwene, musandinamize. Ndaiona nkhope ya mwana uja. Komanso chinthu chija sindinkachifuna n'komwe. Ndinkangofuna kuti pa lanchi ndizikhala ndi chonena."

Kwaya anaisiya m'manja mwa Mayi Lucia. Ankabwerabe ku mapemphero, n'kumakhala kumbuyo, chala chili m'khutu lakumanzere nthawi ya nyimbo. Tusekele ndi mwamuna wake Kingsley anabwera kudzawaona, n'kunena kuti palibe chimene chinaonongeka, ndipo wojambula kanema wa ukwati anadula bwino pamalo pamenepo. A Bizwick anathokoza, koma kanemayo sanamuonere.

Dixon anafika kunyumbako kamodzi, chipewa chili m'manja, atanyamula bolodi ndi pulasitala kuti atseke bowo la pakhoma. Anapepesa kwa a Joan, nati sanayenera kuwasiya okha msanga anzakewo. A Joan anamupatsa tiyi n'kumuuza kuti wokhethemula sanali iye. Ku wekishopu nkhaniyo inasanduka nthabwala. A Bizwick anawapatsa dzina loti Kawuboyi, ndipo wantchito watsopano aliyense ankauzidwa za Mwafirika amene anapha makina oumitsira zovala. Sankanena mwankhanza, kumeneko ndiko kunali kulandirana kwawo. Tsopano pa nkhomaliro ankawaitanira pakati pa benchi, ndipo iwo ankaseka nawo, atatembenuza mutu kuti khutu labwino liloze kwa wolankhula.

A Joan sanawakalipire ngakhale kamodzi, ndipo a Bizwick ankati bola akanakalipa. A Joan ankawaperekeza kwa dokotala wa makutu, ankawabwerezera modekha zimene mwana wanena. Koma m'chipinda chochapira sanalowemonso. Zovala zonse za m'nyumbamo, ndi mayunifolomu omwe, ankachapa ndi kupinda a Bizwick. Chitseko cha galaja chikatsekeka mwamphamvu, a Joan ankasiya chimene agwira n'kukhala kaye pansi. Mu 2009 anafunsira ntchito ku chipatala china ku South Bend osamva maganizo a munthu, ndipo amuna awo analongedza katundu osatsutsa.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho ndinakawachezera. Ankakhala m'nyumba ya lendi pafupi ndi mtsinje, ndipo a Bizwick anali atapeza ntchito yokonza njinga za olumala pa nyumba ina ya okalamba. Titadya nkhomaliro anandiitanira pakhonde lakuseri, kukuzizira, n'kundiuza kuti ali ndi nyimbo yatsopano. Anati inawabwerera akuyendetsa galimoto, mbali zonse zinayi, ndipo mumtima imamveka bwinobwino chifukwa kumeneko khutu silifikako. Kulemba nyimbo papepala sanaphunzirepo. Ankafuna kuti ndiitenge pakamwa pawo ndikaipereke kwa Mayi Lucia, kwaya idzaimbe pa Khirisimasi.

Anayamba ndi sopulano, kenako alito, tena ndi besi, ine ndikubwereza pambuyo pawo. Mawu awo ankatsetsereka. Mzere womwewo akauimbanso unkatuluka mwina, ndipo sindinkadziwa ngati kupindika kwina n'kwa nyimbo kapena n'kwa khutu. Ndikafunsa kuti woona ndi uti, ankaubwerezanso, n'kutuluka winanso. Tinakhala pamenepo mpaka zala zinauma. A Joan anatibweretsera majekete n'kubwerera m'nyumba.

Ine ndi Mayi Lucia tinailumikiza mmene tinathera, ndipo pomwe panali pokayikitsa tinasankha chimene chinkamveka bwino kwa ife. Tinaiimba ku Indianapolis pa Khirisimasi. Anthu anaikonda, ena anapempha kuti tiibwereze. Wina anaijambula, ine n'kuwatumizira a Bizwick pa positi. Patapita masiku anandiimbira foni. Anati aimvetsera atatseka khutu loipalo ndi thonje, ndipo ndi nyimbo yabwino, tinaimba bwino, besi ikumveka. Ndinafunsa ngati ndi yomweyo imene anandipatsa pakhonde paja.

"Ayi," anatero. "Koma musaisinthe. Muziimba yomweyo."